Kodi misozi nayo ndi malonda?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire, ndilemba mmene ndimayankhulira pa benchi.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi. Masana makasitomala akachepa ndimatsegula nyimbo pa foni, ndipo miyezi yapitayi ndakhala ndikubwereza chimbale chimodzi cha Adele, woyimba wa ku London uja, chotchedwa 30. Tsiku lina mnzanga wa benchi yoyandikana, wogulitsa usipa, anamva mawu a kamwana m'kati mwa nyimbo ya My Little Love, kenako mayi akulira. Anafunsa ngati ndi filimu. Nditamuuza kuti ndi mwana weniweni wa woyimbayo, ndipo kulirako n'kwenikweni, anagwira pakamwa. "Asisi, ndiye ife tizigulitsa usipa, iye azigulitsa misozi ya m'nyumba mwake?" Tinaseka, koma funsolo landikhala pamtima mpaka lero.

Kwa amene simumutsatira, nkhani yake ili chonchi. Adele amayimba za moyo wake, ndipo zimbale zake amazitcha ndi zaka zimene anali nazo pozikonza: 19 chinatuluka mu 2008, 21 mu 2011, 25 mu 2015. Kenako anakhala zaka 6 osatulutsa china. Mu Epulo 2019 zinamveka kuti wasiyana ndi mwamuna wake, mwana wawo ali ndi zaka 6, ndipo banjalo linatheratu kukhoti mu Malichi 2021. Chimbale cha 30 chinatuluka pa 19 Novembala chaka chomwecho. Iye mwini anafotokoza kuti panalibe amene analakwira mnzake kwenikweni, koma iye sanali wosangalala, ndipo anasankha kuchoka. Anati chimbalecho ndi njira yofotokozera mwana wake, akadzakula, chifukwa chimene anachitira zimenezo.

Chimene chinandigwira ine ndi kusintha kwa chala. Pa chimbale cha 21, chija chinamutchukitsa dziko lonse, chala chimaloza mwamuna: unandipweteka, unanditaya. Pokonza 30, anavomera poyankhula ndi atolankhani kuti anazindikira kuti mu nkhani zonse zija munthu amene samasowamo ndi iyeyo, ndiye mwina vuto lina lili mwa iye. Anyani amasekana zikundu, koma uyu anapotoloka n'kuona chake. Kwa ine kukula kwake kuli pamenepo. Mawu okoma anali nawo kale ali ndi zaka 19. Chimene analibe ndi mtima wodziwerengera yekha.

Ndikudziwa kuvuta kwake chifukwa nane banja langa linatha, mwana wanga ali ndi zaka 5. Kwa zaka zitatu nkhani yanga ndinkaifotokoza pamsika pano mpaka anzanga anailoweza. Zonse zimene ndinkanena zinali zoona: mowa, ngongole, kugona kunja. Koma ndinkaipanga ngati mulu wa tomato. Ogulitsa mukudziwa, wofiira wowala amakhala pamwamba, wofewa amabisala pansi. Sindinkanena kuti pakamwa panga pankatuluka mawu othyola munthu msana. Sindinkanena kuti ndalama za banki m'khonde ndinkabisa ngakhale masiku amene bamboyo anali asanayambe kumwa, kapena kuti mumtima ndinali nditalongedza kale katundu chaka chathunthu ndisanachoke. Sindinaname, koma mulu wanga unali wachinyengo.

Ndiye ndikamva munthu akuika tomato wake wofewa pamwamba, pamaso pa dziko lonse, ndimamupatsa ulemu. Komabe funso la mnzanga wa usipa silinayankhidwe, ndipo sindikufuna kulithawa.

Choyamba ndi ndalama. Chimbale cha 30 ndi chimene chinagulidwa kwambiri pa dziko lonse mu 2021, ngakhale chinatuluka chaka chikutha. Kodi chisoni chikabweretsa phindu chimakhalabe chisoni? Ine ndikuti inde. Wokhoma mabokosi a maliro amalipidwa, namwino amalipidwa, ndipo sitinena kuti chifundo chawo n'chabodza. Luso la mayiyu ndi kuyimba, ndiwo mpamba wake. Ndalama payokha siidetsa choonadi. Chimadetsedwa pamene munthu ayamba kuwonjezera misozi chifukwa waona kuti ikuyenda malonda.

Chachiwiri ndi chovuta. Nkhani ya moyo wanga si yanga ndekha. Muli bambo a mwana wanga, muli mwana, muli apongozi. Mwamuna wa Adele alibe chimbale choti ayankhire. Mwana wa zaka zochepa sangadziwe tanthauzo la kumvedwa ndi anthu mamiliyoni, ngakhale atati "eya amayi". Akadzafika zaka 20, mawu aja adzakhala alipobe, ndipo sangathe kuwabweza. Anankungwi ndi alangizi athu amati za m'nyumba sizituluka panja. Lamulo limeneli lakwirira amayi ambiri ali moyo, akumenyedwa n'kumamwetulira kutchalitchi, ndipo pa mbali imeneyo ndimadana nalo. Koma lili ndi nzeru inanso imene timaiwala: limateteza ana, amene sangadziteteze okha.

Komanso tisanamizane, naye Adele amapanga mulu. Chimbalechi chitangotuluka anapempha a Spotify kuti nyimbo za m'zimbale zisamangoyamba kuyimba mosakanizika, koma motsatana monga mwini wake anazisanjira, ndipo anamumvera. Ndiye kuti anasankha chimene timve poyamba ndi chimene timve pomaliza. Palibe amene amakhuthula dengu lonse pa benchi. Tonse timasanja, ngakhale tikunena zoona.

Ndiye ine ndaima apa. Popeza kusanja sitingakupewe, funso ndi loti wofewa amene waikidwa pamwambayo ndi wa ndani. Ngati ndi wako, kumeneko ndi kukula, ndipo ena adzachira pokumva, monga ine ndachiramo pang'ono. Ngati ndi wa mnzako, kumeneko ndi kubwezera, ngakhale nyimboyo ikome chotani. Pa muyeso umenewu chimbale cha 30 chikupambana, chifukwa mwamuna uja sakunyozedwamo, wolakwa wamkulu amene akuonekamo ndi woyimbayo. Koma pa mawu a mwana aja, ine ndili mbali ya mnzanga wa usipa. Nyimboyo ikanakomabe popanda iwo. Gawo lako la nkhani ungagulitse, ungagawe ulere, ndi lako. Gawo la mwana wangosungitsidwa, mwini wake adzalifuna akadzakula.

Mwezi watha mwana wanga, amene tsopano ali ndi zaka 11, anandifunsa tikutsuka mbale kuti n'chifukwa chiyani ndinasiyana ndi bambo ake. Kale ndikanayamba ndi mowa. Ulendo uno ndinayamba ndi pakamwa panga ndi ndalama zobisa zija. Zinali zowawa kuposa kutayikiridwa dengu lonse la tomato pa minibasi, koma usiku umenewo ndinagona tulo.

Ndisanatumize nkhani ino ndinamuwerengera, chifukwa nane apa ndikuchita zomwezo, kutulutsa za m'nyumba pagulu. Anati ndilembe, koma dzina lake ndi zimene iye anayankha tsiku lija zisalowemo. N'chifukwa chake simunazione.

Nanga inu alembi ndi alakatuli a m'gulu lino, mukamalemba za amayi anu, za amene munasiyana nawo, za ana anu, mumawapempha? Ndipo akakana, mumatani nayo ndakatulo yomwe mukudziwa kuti ndiyo yokoma kuposa zonse zimene munalembapo?