Kodi Mpweya wa M'chifuwa Ngwa Yani?

Malemba amasimba kuti pamene mfumu Davide analamula kuti ana a Israyeli awerengedwe, mliri unagwa pa dziko. Ndipo munthu woopa Chauta, pokumbukira nkhani imeneyi, angathe kufunsa ngati si mwano kuika muyeso pa mpweya umene Namalenga anauzira m'mphuno za Adamu. Komatu m'chaka cha 1846 dokotala wa ku England, John Hutchinson, anafalitsa zimene anapeza atayeza anthu oposa 2,000 ndi chipangizo chotchedwa spirometer. Chinali chigubu chozondoka choyandama m'madzi. Munthu ankadzaza chifuwa chake mpaka pakhosi, nkuuzira mu paipi kufikira misempha ya m'khosi itatuluka, ndipo chigubucho chikamakwera muyeso unkawerengedwa pambali pake. Hutchinson anaona kuti wamtali amatulutsa mpweya wambiri kuposa wamfupi, ndi kuti wodwala chifuwa chachikulu muyeso wake umatsika.

Ine ndikuti si mwano ayi, pakuti iye amene aphunzira mapumidwe a munthu, ngati ali ndi maso, amachokako kunyada kwake kutachepa. Mapapo alibe mphamvu yodzifutukula okha. Mnofu wotambalala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba ukatsika, nthiti nkukwera, chifuwa chimakula monga mvukuto wa wosula zitsulo, ndipo mpweya wakunja umalowa wokha m'malo amene apezekawo, ngati theka la lita pa kupuma kulikonse. Kotero kuti gawo la munthu ndi kungokonza malo, ndipo ngakhale ntchito yochepayo woiyang'anira si iye, popeza imachitika ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi ali m'maso kapena ali m'tulo tofa nato. Wamakani akati aumire osapuma, mpweya woipa umachuluka m'magazi, ubongo nkumukakamiza kugonja. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma pa nkhani iyi ngakhale chili m'mphuno momwemo nchobwereka.

Palinso china. Mapapo a mwamuna wamkulu amasunga malita pafupifupi 6, koma ngakhale atauzira motani, woposa lita imodzi umatsalira m'kati, ndipo spirometer siuona. Sindikunena kuti m'menemo ndimo mukhala mzimu. Madokotala ali nazo njira zina zouyezera, ndipo ntchito ya mpweya wotsalirawo ndi kusunga mapapo kuti asamatirire.

Tsono ngati mpweya uli wobwereka kwa Mwini moyo, woononga mapumidwe a mnzake ali ndi mlandu, ndipo mlandu umafuna mboni. Abale athu amene anapita ku Joni kudzera mwa Wenela, nakatsika m'migodi ya golide kukaboola mwala m'fumbi losaoneka ndi maso, ambiri anabwera ndi masutikesi ndi zibangiri za wotchi, koma patapita zaka anayamba kuima kawiri katatu pokwera kamtunda ka kudambo, chifukwa fumbi lija linali litaumitsa mapapo awo ndi nthenda ya silicosis, imene ilibe mankhwala. Wefuwefu wa nkhalamba sasiya chizindikiro pa pepala, ndipo mwini mgodi angathe kungoti ndi ukalamba. M'chaka cha 2018 makampani ena a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka chipukuta misozi cha ndalama zokwana marandi 5 biliyoni, khoti linavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa udindo wogawa ndalamazo kwa odwala amene anagwira ntchitoyo kuyambira 1965, a kwathu kuno omwe. Kuti kukula kwa nthenda kudziwike, amamujambula munthu pachifuwa nkumuuza auzire m'chipangizo, chidzukulu cha chigubu cha Hutchinson. Kumene bambo anatsogola kale, mkazi wamasiye ndi ana ndiwo ayenera kufunafuna mapepala a ku mgodi ndi umboni wa chimene chinamupha, ndipo pa makomo ambiri mapepalawo anadyedwa ndi chiswe kalekale.