Kodi Mwera Uli ndi Mwini?

Mwezi wa Juni ukafika, mphepo ya mwera imawomba pa Nyanja ya Malawi kuchokera kummwera chakuvuma, nthawi zina masiku angapo osaleka, ndipo nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza pa wailesi kuti asodzi ndi onse oyenda panyanja achenjere. Pagombe limodzi pangathe kuima anthu awiri amene amva chenjezo lomwelo. Woyamba ndi msodzi, amene amakokera bwato lake kumtunda nayamba kusoka chilimila, akudziwa kuti usiku umenewo sapha usipa ndipo mawa pakhomo padzasowa ndalama. Wachiwiri ndi mlendo amene wadikira mphepo imeneyi chaka chathunthu. Iye amapopa kaiti yake, namangirira zingwe m'chiuno, nalowa m'madzi akusekerera. Funso la nkhani ino lichokera pamenepa: kodi nkoyenera kuti munthu asewere ndi chinthu chimene chimapha mnzake? Funsoli limamveka bwino koposa likafunsidwa kutali ndi nyanja, m'matauni a migodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, kumene kuli zidzukulu za anthu amene adasiya nkhafi nakagwira fosholo.

Masewero amene akunenedwa pano ndi awiri. Pa windsurfing munthu amaima pa thabwa loyandama lokhala ndi thanga, ndipo amaliwongolera ndi manja komanso kulemera kwa thupi lake. Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California adalandira chikalata cha umwini wa luso limeneli mu 1970, ndipo mu 1984 lidalowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Los Angeles. Pa kiteboarding m'malo mwa thanga pamakhala kaiti youluka m'mwamba, yolumikizidwa kwa wosewerayo ndi zingwe zotalika mamita oposa 20. Kaiti yopopa mpweya, imene simira ikagwera m'madzi, adaikonza ndi Bruno ndi Dominique Legaignoux, munthu ndi mbale wake a ku France, m'zaka za m'ma 1980, ndipo masewerowa adafika ku Olimpiki mu 2024. Masewero onsewa safuna injini kapena mafuta. Amafuna mphepo yamphamvu yosadukiza ndi madzi otambasuka, ndipo Nyanja ya Malawi, imene ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, imakhala nazo zonsezi m'nyengo ya mwera.

Koma mwera uli ndi mbiri ina. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi pa nthawi ya namondwe, ndipo anthu 145 adafa. Ngozi za mabwato ang'onoang'ono sizilowa m'mabuku a mbiri, komabe midzi ya ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay imawadziwa omirawo ndi mayina awo. Msodzi amaudziwa mwera kuposa wina aliyense. Akalowa m'madzi tsiku la chenjezo, ndiye kuti ngongole ya kwa mwini ukonde kapena njala ya ana yaposa mantha ake.

Kuchokera m'madera omwewa, ndi m'maboma ena a Nyasaland, amuna zikwizikwi adapita ku Southern Rhodesia m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Ena adayenda okha wapansi, ena adalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene lidakhazikitsidwa mu 1903. Antchito adatcha dongosolo limeneli chibalo, ndipo Charles van Onselen adalifotokoza m'buku lake la Chibaro la mu 1976. Adakumba golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, kromu ku Shurugwi ndi asibesitosi ku Shabanie, m'tauni imene lero ndi Zvishavane, ndipo ena adasungunula chitsulo ku Redcliff. Ambiri sadabwerere kwawo, adasanduka machona. Mafakitale amenewa ankafuna madzi, choncho padamangidwa madamu monga la Sebakwe, limene lidamalizidwa mu 1957 ndipo limapereka madzi ku Kwekwe ndi Redcliff. Madamu a ku Rhodesia adasanduka malo a tchuthi, a maboti ndi a usodzi wa mbedza wongosangalala, koma makalabu a masewero otere, monga makalabu ena ambiri a nthawiyo, adali a azungu. Mtonga wa ku Nkhata Bay kapena Myao wa ku Mangochi, amene adaphunzira kupalasa asanaphunzire kulima, adapatsidwa masewero ena ku komboni: mpira, nkhonya, magule ndi holo ya mowa. Oyang'anira migodi ankawalola masewerowa, mwa zina, chifukwa ankathandiza kuti antchito akhazikike. Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti mtundu wa masewero amene munthu amasewera nthawi zambiri sumangochokera mu mtima mwake. Pamakhala wina amene adagawiratu malo.

Yankho loyamba pa funso lija ndi lodzudzula. Thorstein Veblen, m'buku lake la mu 1899 lonena za gulu la anthu osagwira ntchito, adaphunzitsa kuti olemera amaonetsa ulemerero wawo pomwaza nthawi ndi chuma poyera. Wotsatira maganizo amenewa anganene kuti kaiti youluka pamwamba pa bwato la msodzi ndi mbendera ya kusiyana kwa anthu, pakuti mtengo wa zida za wosewera mmodzi ungathe kugula bwato ndi ukonde, ndipo kusekerera pamalo pamene ena adalirapo maliro nkusowa umunthu. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma ikatsatidwa mpaka kumapeto imafika pamalo olakwika. Ana a asodzi nawonso amasewera ndi mafunde a mwera m'mphepete mwa gombe, ndipo palibe amawaimba mlandu. Johan Huizinga, m'buku la Homo Ludens la mu 1938, adaonetsa kuti kusewera kuli pa tsinde la chikhalidwe cha anthu, ndipo Aristotle kalekale adaphunzitsa kuti cholinga cha ntchito ndi kuti munthu apeze mpata wochita zinthu zimene zili zabwino pa izo zokha. Anthu a ku komboni adachidziwa chimenechi popanda buku. Munthu wotuluka mumgodi atatopa, amene Lamulungu ankapitabe kudambwe kukatulutsa gule wamkulu kapena kuvala yunifolomu ya beni, ankakana kuti thupi lake likhale chida cha kampani chabe. Wonena kuti kusewera ndi tchimo malinga ngati padziko pali osauka akugwirizana mosadziwa ndi woyang'anira komboni, amene ankaona wosauka ngati wantchito basi.

Yankho lachiwiri ndi lomasula wosewerayo ku mlandu uliwonse. Limati mphepo ilibe mwini. Wosewera akaigwiritsa ntchito siichepa, sapha nsomba, sathira mafuta m'madzi, ndipo akasiya kusewera palibe msodzi ngakhale mmodzi amene angapulumuke chifukwa cha kusiyako. Zonsezi nzoona. Komabe yankholi likubisa zinthu ziwiri. Choyamba nchakuti ngakhale mphepo ilibe mwini, gombe lili ndi eni ake, ndipo kuti munthu afike pamphepo ayenera kudutsa pagombe. Ku Mangochi ndi ku Salima mbali zina za gombe zidatchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi nyumba za tchuthi, pamalo pamene anthu ankakocheza mabwato, kuyanika nsomba ndi kuchapa. Chachiwiri ndi kusiyana kwa ngozi yodzisankhira ndi ngozi yokakamizidwa. Bernard Suits, m'buku la The Grasshopper la mu 1978, adalongosola kuti m'masewero munthu amadziikira yekha chopinga chosafunikira kuti akondwere pochigonjetsa. Wosewera ndi kaiti amasankha tsiku, amavala chovala choyandamitsa, ndipo mphepo ikamukulira amatuluka m'madzi popanda kutaya chakudya cha banja. Msodzi alibe ufulu umenewu, ndipo wokumba golide m'migodi yosiyidwa ya ku Kwekwe ndi Shurugwi nayenso alibe. Mu Febuluwale 2019 madzi adasefukira m'migodi ya ku Battlefields, pakati pa Kwekwe ndi Kadoma, ndipo anthu oposa 20 adafera pansi. Iwo ankadziwa kuti kukumba m'nyengo ya mvula nkoopsa monga momwe msodzi amadziwira mwera.

Tsono ngati kusewera si tchimo, komanso wosewerayo sangasambe m'manja, funso liyenera kusintha: kodi munthu amene ali ndi ufulu wosankha ngozi ali ndi ngongole yanji kwa amene alibe ufuluwo, pamene onse awiri ali pamadzi amodzi? Nzeru za umunthu, zimene akatswiri a ku Malawi monga Harvey Sindima ndi Augustine Musopole adalembapo, zimati munthu amakhala munthu chifukwa cha ubale wake ndi ena. Akale adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambiwu suletsa chimwemwe, koma umakana kuti munthu aone tsoka la mnzake ngati nkhani ya kutali. Ngongoleyi ili ndi mbali zitatu zooneka ndi maso. Yoyamba ndi njira: malo a masewero asatseke doko la asodzi. Yachiwiri ndi chipulumutso: boti la injini limene limadikira kuti litole mlendo wogwa m'madzi liyenera kuthamangiranso bwato logubuduzika, ndipo uthenga wa zanyengo umene wosewera amauona pa foni uyenera kufika kwa amene akupita kukaponya chilimila. Yachitatu ndi ulemu pa nzeru: msodzi amene amasiyanitsa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe pongoyang'ana mitambo ndi maonekedwe a madzi ndi mphunzitsi, ndipo ayenera kufunsidwa ndi kulipidwa monga mphunzitsi.

Kuti madzi angathe kukhala ndi malamulo ochokera kwa anthu eni ake si maloto. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka kumapeto kwa dzinja, ndipo dongosolo limeneli lakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Amene amafuna kulowa m'madzi a ku Mbenji amamvera mwambo wa kumeneko. Gulu la osewera ndi mphepo limene likufuna kutchedwa la m'deralo liyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewu. Ngati achinyamata a m'mudzi amangonyamula matabwa ndi kupinda makaiti a alendo, gululo ndi la alendo ngakhale litakhala pagombepo zaka 20. Limakhala la m'deralo pamene mwana wa msodzi wakwera thabwa, waphunzitsa mng'ono wake, ndipo ali ndi liwu pa nkhani ya malo ndi nthawi yosewerera.

Wina angatsutse kuti kulankhula za makaiti m'matauni a Midlands nkunyoza anthu. Fakitale ya chitsulo ya ZISCO ku Redcliff idasiya kupanga chitsulo mu 2008, mgodi wa Shabanie udafooka boma litaulanda mu 2004, ndipo mabanja ambiri amene ankadalira makampaniwa adatsala opanda ntchito. Nzoona kuti ntchito, madzi akumwa ndi mankhwala ziyenera kutsogola. Koma kutsogola kwa zofunika zina sikufafaniza zinazo. Zidzukulu za machona zidaona kale kuipa kwa maganizo akuti munthu amawerengedwa pokhapokha pamene akugwira ntchito. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri a iwo akuonedwa ngati alendo m'dziko limene adabadwira, ndipo ndi malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amene adavomereza unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Chiphaso chimamupatsa munthu ufulu woponya voti, koma unzika wathunthu umaonekeranso pa zinthu zazing'ono, monga kufika pa Sebakwe Loweruka masana osati kudzagwira ganyu kapena kupha nsomba mozemba, koma kudzasangalala ndi madzi amene agogo ake adawatumikira.

Choncho mwera ulibe mwini, koma uli ndi anthu amene adaulipirira mtengo waukulu kuposa ena. Wosewera amene amadziwa zimenezi sayenera kupinda kaiti yake. Ayenera kupita kudoko asanalowe m'madzi, kukapereka moni kwa akuluakulu a pamenepo, kufunsa ngati mabwato onse a usiku abwerako, ndi kumva kwa iwo mmene mphepo ya tsikulo iyendere.