MLANDU WA MTSIKANA WOKANA AMUNA

Pakati pa ife ophunzira pali chizoloŵezi chonena kuti nthano nza ana, ndipo kuti munthu akapondapo pa sukulu ya ukachenjede ayenera kuzisiya kumudzi pamodzi ndi phada ndi chipako. Ine maganizo ameneŵa sindigwirizana nawo. Mwana amamva nthano asanadziŵe kutsutsa. Wokamba akati "Padangokhala," ana onse amavomera "Tiri tonse," ndipo amavomera chomwecho pa chiganizo chirichonse kufikira nthano itatha. Palibe phunziro lina, ngakhale la katekisimu, limene munthu amalivomereza mzere ndi mzere motere. Ndiye nkoyenera kuti tifunse: kodi pa nkhani ya mwamuna ndi mkazi, tidavomera zotani pamoto paja? Ndipo ngati zina mwa izo nzokhota, kodi tiri ndi ufulu wozikonza?

Tiyambe ndi nthano imene kwathu ku Nkhotakota mwana aliyense amaidziŵa. Mtsikana wokongola akana anyamata onse a m'mudzi, uyu ati ngwamfupi, uyo ati ngwosauka. Tsiku lina kubwera mlendo wovala bwino, ndipo mtsikana amulola tsiku lomwelo natsagana naye kwawo. Kamlongo kake, kamnyamata kamphere, katsatira m'mbuyo ngakhale akukapirikitsa. Usiku, posoŵa tulo chifukwa cha kuyabwa, kamnyamata kaja kaona mlamu wake akusanduka fisi ndi kuitana afisi anzake kuti adzaone ngati nyama yanona. Kenaka kasema chinguli chouluka (ena amati mtanga, ena ng'oma), nakapulumutsa mlongo wake kubwerera naye kumudzi ali wamanyazi.

Tsono tiyeni tizenge mlanduwu monga pabwalo. Mtsikanayu adalakwanji? Sadabe, sadaphe munthu, sadanamize wina aliyense. Chimene adachita ndi kukana amene sadaŵafune ndi kulola amene adamfuna. Chilango chake chikadakhala imfa, ndipo womuombola ndi mwamuna, ngakhale kamwamuna konyozeka kopambana onse. Muyerekeze ndi Kalulu, amene timamuona ngati mwamuna popeza m'nthano zambiri amafunsira mbeta. Iye amakana kukumba chitsime koma madzi nkumamwa, amanamiza njovu, amakwera pamsana pa mnzake ngati bulu pamaso pa apongozi, ndipo ife timafa nazo nseko ndi kumutcha wochenjera. Mnyamata womvera nthano ziŵirizi amatolapo zoti dziko ndi la wolimba mtima ndi wa nzeru zake. Mlongo wake, atakhala pa mphasa yomweyo, amatolapo zoti nzeru zake ndi msampha.

Nthano ya Kamdothi nayo iri ndi chake. Mayi wosabala aumba mwana ndi dothi, ndipo mwanayo asungunuka mvula itampeza kutali ndi nyumba. Chisoni cha mayiyu chimatigwira mtima tonse, koma taonani kuti m'nthanomo kusoŵa mwana ndi katundu wa mkazi yekha. Sindidamvepo nthano ya mwamuna wosabala woumba mwana. Komatu makolo ankadziŵa bwino kuti vuto limatha kukhala la mwamuna, nchifukwa chake padali mwambo wolowetsa mwamuna wina usiku mobisa kuti banja lipate mwana. Manyazi a mwamuna adaŵabisa mumdima, pamene a mkazi adaŵaimbira nyimbo kuti ndi ana omwe aziŵadziŵa. Palinso ija ya atsikana aŵiri okumana ndi nkhalamba yazilonda: wofatsa woitsuka alandira chuma, wamwano alandira njoka. Kudzichepetsa ndi khalidwe labwino, sindikana. Chondidandaulitsa nchakuti mayeso ameneŵa kaŵirikaŵiri amapatsidwa kwa atsikana, pamene anyamata amayesedwa pa kulimba mtima ndi pa nzeru.

Wina anganene kuti zonsezi nzongocheza chabe. Ameneyo apite m'mamaŵa pa doko lina lirilonse kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa. Amuna amachezera panyanja ndi nyali ndi chilimira kusaka usipa. Akazi amadikira pamchenga ndi mabeseni, ndipo iwo ndiwo amayanika nsomba pa thandala, kuŵamba, ndi kupita nazo ku misika. Mtsikana wa m'mbali mwa nyanja amaphunzira kusambira pamodzi ndi mlongo wake, koma akasinkhuka amauzidwa kuti bwato ndi khoka si zake. Khoka likabwerako lopanda kanthu masiku angapo, kapena ngozi ikagwa panyanja, pali anthu amene amayamba kufunsa za khalidwe la mkazi wotsala kunyumba. Ndipo poti nsomba iri m'manja mwa amuna, pa nyengo imene yasoŵa akazi ena a mpamba wochepa amapemphedwa thupi lawo kuti agulitsidwe nsomba. Sindikunena kuti nthano ndizo zidapanga zonsezi. Umphaŵi ndi kuchepa kwa nsomba ziri ndi gawo lalikulu. Koma nthano ndi miyambi zimachititsa kuti dongosolo lotere lizioneka ngati chibadwa, ngati mwera umene palibe angautsutse.

Komabe mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Okamba nthano ambiri ndi akazi, agogo athu ndi amayi athu. Kodi iwo ankadana ndi ana awo aakazi? Mbiri ya Nkhotakota yomwe ingatiyankhe. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika pano, ndipo kufikira m'zaka za m'ma 1890 anthu ambirimbiri adaoloketsedwa nyanja m'zombo ndi kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa kukagulitsidwa. David Livingstone adaziona yekha zimenezi atafika kuno mu 1861 ndi 1863. Nthano ya mlendo wosanduka chilombo njakale kuposa Jumbe ndipo imapezeka m'mitundu yambiri ya mu Africa, koma kwa mayi wa masiku amenewo idali yoona kwenikweni: mlendo wa nsalu zokongola ndi mikanda ankathadi kumtenga mwana wako osadzamuonanso. Kuwonjezera apo, Acheŵa timatsata kuchikazi. Mudzi umakula ndi mbumba, mwamuna amadzakhala pachikamwini, ndipo mtsikana akapita kutali mtundu umachepa. Tikaiona motere, nthano ija ikunenanso kuti mtsikana ngwamtengo wapatali, ndipo kamlongo kaja kakuphunzira udindo wa mwini mbumba.

Mfundo imeneyi ndimailemekeza, koma siyifafaniza mlandu. Mpanda womangidwa pofuna kutchinjiriza ku zilombo umasanduka khola ngati zilombo zidapita koma chitseko sichitsekulidwa. Ndiponso chenjezo lachilungamo likadagwa pa fisi. M'malo mwake dzina loipa limatsalira mtsikana, ndipo ndi iye amene timamloza chala pamene mwana wamkazi akana ukwati kuti apitirize sukulu.

Anzanga ena amaganiza kuti mankhwala ake ndi nthano za Azungu za m'mabuku a ana. Kumeneko nkuthaŵa mvula kukabisala m'nyanja. Cinderella wa Charles Perrault, wa mu 1697, amapulumuka chifukwa cha kukongola ndi kufatsa, ndipo Snow White amagona m'bokosi kudikira mwana wa mfumu. Koma mabuku ameneŵa ali ndi phunziro limodzi lotithandiza. M'buku loyamba la Jacob ndi Wilhelm Grimm, la mu 1812, wofuna kupha Snow White adali mayi wake womubala. Pofika mu 1819 olembawo adamsandutsa mayi womupeza, poopa kudetsa dzina la umayi. Nthano zimene ambiri amaziyesa zosasinthika zidakonzedwa ndi anthu, molingana ndi zimene anthuwo ankafuna kuti ana akhulupirire.

Nzimodzimodzi kwathu. Nthano siidakhalepo ndi mkamwa mmodzi. Agogo a ku Linga ndi agogo a kwa Mwansambo saikamba mofanana, ndipo aliyense amathirako mchere wake. Mabuku monga Tales of Old Malawi la Singano ndi Roscoe, la mu 1974, ndi Land of Fire la Schoffeleers ndi Roscoe, la mu 1985, adatisungira chuma chambiri, koma tisaiŵale kuti cholembedwa chimasunga kakambidwe ka munthu mmodzi pa tsiku limodzi. Amene amati kusintha nthano nkupha chikhalidwe akuteteza chithunzi, mwini wake akuyenda.

Tisaiŵalenso kuti mbiri yathu iri ndi akazi amene pamoto sitiŵatchula. Makewana wa ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, ndiye ankayang'anira za mvula, ndipo mafumu ankatumiza mphatso kwa iye. Ufumu wa Kalonga unkadzera mwa Nyangu. M'masiku athu, Rose Chibambo adamenyera nawo ufulu wa dziko lino namangidwa mu 1959, ndipo Joyce Banda adalamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, ngakhale padali ena onong'ona kuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Malamulo nawo asintha: lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza lidachotsedwa mu 1993, mu 2013 kudabwera lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwane zaka 18. Koma lamulo limampeza munthu atakula, nthano itamuumba kale.

Nanga tichitenji ife amene timadzitcha olemba? Sindikuti titaye nthano zakale kapena tizipake laimu. Tizikamba momwe tidazimvera, koma zikatha tiziŵafunsa ana: kodi wolakwa ndani, mtsikana kapena fisi? Nanga bambo wake wa Kamdothi adali kuti? Kachiŵiri, pa tchuthi tipite kwa agogo ndi kope, tifunse makamaka nthano zimene mtsikana amagonjetsa chilombo ndi nzeru zake, pakuti zoterezi zimatha msanga ngati palibe wozipempha. Kachitatu, tipeke zathu popanda manyazi, monga adapekera amene adatitsogolera. Mwana wamkazi wa ku Chia ayenera kumvako, ngakhale kamodzi, za mtsikana amene adakana amuna, nagula khoka lake, ndipo palibe chilombo chidamudya. Akadzavomera kuti "Tiri tonse" pa nthano imeneyo, mlongo wake naye adzakhala ali pa mphasa pomwepo akumva.