Kodi Kamera Ingakhale Mboni Yokwanira?

Amayi okondedwa a m'Chigwirizano, mukamachoka kuno ku Mtendere kupita m'tauni, tayang'anani m'mwamba pa mphambano za misewu ikuluikulu ya Lusaka. Mudzaona makamera pa mizati yachitsulo. Anabwera ndi ntchito ya boma yotchedwa Safe City, imene inapatsidwa kwa kampani ya ku China ya ZTE pa mtengo wa madola 210 miliyoni. M'mayiko ena makamera a apolisi apita patsogolo: amazindikira nkhope ya munthu pamene akuyenda. Apolisi a ku London anayamba kuwagwiritsa ntchito m'misewu mu 2020.

Amagwira ntchito motere. Kamera imajambula aliyense wodutsa. Kompyuta imayeza nkhope yake, monga kutalikirana kwa maso ndi kaumbidwe ka mphuno ndi chibwano, n'kuifananiza ndi zithunzi za anthu amene apolisi akuwafuna. Ikaona kuti zafanana, imadziwitsa wapolisi nthawi yomweyo.

Mwina inu mukuti, “Abwere msanga, ife tatopa ndi akuba.” Simukulakwa. Mayi amene amadzuka mbandakucha kukaoda ndiwo ku Soweto Market amadziwa mantha a majanki olanda zikwama ndi mafoni. Kufuna chitetezo n'kwabwino. Koma pali mawu amene timawanena mosaganizira, akuti wosalakwa saopa kamera. Tiyeni tiwayese mawu amenewa.

Choyamba, makina amalakwitsa, ndipo salakwitsa mofanana pa anthu onse. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa makompyuta atatu ongosiyanitsa nkhope ya mwamuna ndi ya mkazi. Pa amuna oyera khungu, zolakwika sizinafike 1 pa 100 alionse. Pa akazi akuda khungu zinafika pafupifupi 35 pa 100. Nkhope zovuta kwa makinawo zinali ngati yanu ndi yanga. Makina a lero ndi abwinoko, koma mu 2023 ku Detroit, ku America, apolisi anamanga Porcha Woodruff ali ndi pakati pa miyezi 8, chifukwa kompyuta inafananiza chithunzi chake chakale ndi mkazi amene ankamufuna pa mlandu wolanda galimoto. Anakhala m'manja mwa apolisi maola pafupifupi 11, ndipo mlanduwo unathetsedwa. Anali wosalakwa, koma ana ake anaona amayi awo akumangidwa pakhomo.

Ifenso tikudziwa kuopsa kwa kuloza munthu chala mwa maonekedwe okha. Kumbukirani chaka cha 2020, pa nthawi ya anthu opopera gasi m'nyumba. Anthu ambiri anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Lamulo la pa Deuteronomo 19:15 limakana kutsutsa munthu pa umboni wa mmodzi yekha. Kompyuta ndi mboni imodzi, ndiponso mboni yosati n'kuifunsa kuti inaona bwanji.

Chachiwiri, nanga makina akapanda kulakwitsa? Funso limatsala lakuti amalemba ndani mayina a anthu ofunidwawo. Lero pali wakuba. Mawa pakhoza kulembedwa mtolankhani, kapena mayi amene anaguba kudandaula za madzi m'komboni. Mu August 2020 khoti la apilo ku Britain linagamula pa mlandu wa Ed Bridges kuti apolisi a South Wales anaphwanya lamulo, chifukwa panalibe malire omveka onena za woyenera kuikidwa pa mndandanda ndi malo oikapo makamera. Munthu akadziwa kuti akuonedwa kulikonse amaleka kulankhula ngakhale zoona.

Choncho, amayi, tisawakane makamera mwachimbulimbuli, koma tisawalandirenso ndi nthungululu zokha. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2021. Khansala kapena phungu wanu akabwera ku msonkhano, m'funseni kuti zithunzi zathu amasunga ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo womangidwa molakwika akadandaule kuti. Ndipo mukamva kuti mwana wa mnansi wanu wagwidwa chifukwa cha kamera, musathamangire kumutcha wakuba khoti lisanamve mbali yake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.