Kodi N'kulakwa Kukondwera ndi Chinthu Chosungunuka?

Pali mlandu umene sunafikepo pabwalo la mfumu iliyonse ya ku Lundazi, ngakhale kwa Mwase kapena kwa Mphamba, koma umene uzengedwa madzulo m'makomo ambiri nyengo yokolola ikatha. Ndiwo mlandu wa mnyamata kapena namwali amene, atagulitsa thonje lake kapena mtedza wake, alawira mbandakucha nakwera basi ya ku Chipata, nayenda makilomita pafupifupi 180, osati kukazonda wodwala, kapena kukagula feteleza, kapena kukakhuza maliro, koma kungokaona mzinda, kujambula zithunzi ndi foni yake, ndi kulawa ayisikirimu wa mtundu umene sanaulawepo, nabwerera usiku womwewo ali wolema, thumba litapepuka. Akulu akamufunsa kuti, "Mwanawe, watitengera chiyani kumeneko?" iye atulutsa foni, ndipo akuluwo, atayang'anitsitsa kagalasi kowalako kanthawi, apukusa mutu nati ana a masiku ano adya ndalama ngati madzi.

Tisafulumire kuwayesa akuluwa anthu osadziwa kukoma kwa moyo, pakuti mawu awo ali ndi maziko. Mlimi wa kuno aona ndalama yochuluka kamodzi pachaka, ndipo adziwa bwino kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale idzafika ndi nkhokwe zopepuka ndi ana olira. Chifukwa chake anaphunzira kuyambira ubwana wake kuti ndalama yabwino ndiyo imene isanduka malata, mbuzi, njinga kapena ng'ombe ya pagoli, chinthu chimene munthu angachiloze ndi chala chaka chamawa. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Chasefu kuchokera ku Livingstonia analimbikitsanso mtima womwewo, pophunzitsa kuti kusamala chuma ndi kudziletsa ndiyo mbali ya kuopa Mulungu. Ndipo makolo athu, asanamve konse za amishoni, anali atachenjeza kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu amene apita kukasangalala kumzinda ana ake alibe chofunda, ameneyo sindimuikira kumbuyo, ndipo sindiyesa kuti pali buku lina lililonse, lopatulika kapena losapatulika, limene lingamulungamitse.

Koma pansi pa mlanduwu pagona funso lina lalikulu, limene silikhudza ndalama zokha: kodi chinthu chikhala cha phindu pokhapokha chikakhalitsa? Ngati yankho lili inde, ndiye kuti akulu apambana, ndipo tiyenera kuleka nyimbo, kuleka kucheza kwa pamoto, kuleka ngakhale kuimirira panjira kuti tione dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a ku chigwa cha Luangwa, popeza zonsezi zitha osasiya kanthu m'nkhokwe. Ine sindikhulupirira kuti yankho lili inde, ndipo chimene chinditsimikizira ndi nkhani ya mana m'buku la Eksodo. Mulungu, amene akadakhoza kugwetsera Aisraele tirigu wodzaza nkhokwe za zaka makumi anayi, anasankha kuwapatsa chakudya chogwa ndi mame, chokoma ngati timitanda ta uchi, chimene munthu aliyense anatola muyeso wa tsiku limodzi, ndipo chotsala pansi chinasungunuka dzuwa litatentha. Ndipo iwo amene anachenjera m'maso mwawo, nasungako kufikira m'mawa, anapeza mphutsi ndi fungo, kupatula tsiku lotsogolera Sabata lokha. Wopatsayo sanalephere kupanga chinthu cholimba, pakuti ndiye anaumba mapiri. Koma anafuna kuti anthu ake adziwe kuti pali mphatso zina zimene mwini wake ndiye tsiku limene zaperekedwa.

Tsono ayisikirimu, ngakhale ali kanthu kachabe ka ana, ali wa mtundu womwewo wa mphatso, ndipo kapangidwe kake kachitira umboni. Opanga atenga mafuta a mkaka ndi shuga, nazitakasa kosaleka pamene zikuzizira, kuti mpweya ulowe ndi kuti madzi aundane m'timibulu tating'onoting'ono tosamveka pa lilime. Ndipo popeza kuzizira kuphimba kutsekemera, athiramo shuga wochuluka kuposa amene munthu angalole m'phala lake. Kukoma kwake konse kumasuka pa nthawi imene asungunuka m'kamwa, kotero kuti amene afuna kumusunga sadzamulawa, ndipo amene amulawa wavomera kuti athe. Amayi amene aundanitsa madzi a malambe m'timapulasitiki nagulitsa pazipata za sukulu m'mwezi wa Okutobala adziwa zimenezi popanda kuwerenga buku, ndipo mwana wogulayo adziwa koposa, pakuti sazengereza.

Kunena za kulawa zachilendo, ndiona kuti m'menemo muli kudzichepetsa kumene ambiri a ife tikusowa. Anzathu Abemba amati mwana wosayenda atama amake okha kuti ndiwo odziwa kuphika. Ku Cape Town, m'dera la Observatory, kunatsegulidwa malo otchedwa Tapi Tapi, amene anayambitsa Tapiwa Guzha, mwana wa ku Zimbabwe wophunzira zasayansi, ndipo iye wapanga ayisikirimu wa malambe, wa mapira, wa chisoso, ngakhale wa matemba ouma. Zinthu zimene ife tiziyesa ndiwo za osauka, zimene mwina tichita nazo manyazi mlendo akafika, iye waziika patsogolo kuti anthu a mitundu yonse azigule ndi ndalama zawo. Wina adzalavula pongomva, nati matemba ndi mkaka sizigwirizana. Ndipo mwina alavula moyenera, pakuti si chachilendo chilichonse chimene chili chokoma. Koma amene alawa nakana wadziwa kanthu, pamene amene akana asanalawe wangoteteza chizolowezi chake, nachiyesa nzeru. Petro yemwe, ali pa tsindwi ku Yopa, anayenera kuonetsedwa chinsalu cha nyama zosazolowereka katatu konse asanavomere kuti Mulungu ndi wamkulu kuposa mbale imene iye anakuliramo.

Kufikira pano ndaima ndi achinyamata. Koma pa nkhani ya zithunzi ndiyenera kuwatembenukira, pakuti apa ndi pamene ndiona kuti ambiri atola mana a masiku asanu ndi awiri.

Kujambula kwa munthu wamba, amene sadya nako, si chinthu chatsopano m'maiko athu ano. John Kirk, sing'anga ndi katswiri wa zomera amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi kuyambira 1858, anajambula zithunzi za m'mbali mwa mtsinjewo mwa kukonda kwake, ndi zipangizo zolemera ndi mankhwala ovuta kusamala m'dziko lotentha; ndipo pamene kampani ya Kodak inatulutsa kamera yotchedwa Brownie m'chaka cha 1900, pa mtengo wa dola imodzi, ntchitoyi inatsikira m'manja mwa anthu wamba a ku Ulaya ndi ku Amereka. Kwathu kuno inafika mochedwa, ndipo inafika pa njinga. Achikulire akumbukira wojambula uja woyendayenda m'midzi ndi kamera yake pakhosi, amene filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36 zokha, kotero kuti sakadataya ngakhale chimodzi; anthu anasamba, nadzola, nabwereka jekete kwa mnansi, naimirira chilili osaphethira, kenaka nadikira masabata kuti filimuyo idzale, ipite kutauni kukatsukidwa, ndi kubwerera. Chithunzi chimodzicho chinapachikidwa pakhoma, kapena kusungidwa m'kati mwa Baibulo, ndipo aliyense wa m'nyumbamo anadziwa tsiku lake ndi chifukwa chake.

Lero taonani mnyamata uja ataima m'misewu ya Chipata, tauni imene kale inali Fort Jameson ndipo inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017: dzanja lamanzere lagwira ayisikirimu, lamanja lakweza foni, ndipo iye akufunafuna mbali imene kuwala kukomera nkhope yake, najambula, nafufuta, najambulanso, kufikira chimene anachilipira chayenderera m'zala ndi kudontha pa nsapato. Mapanga awiri avumbwitsa. Wafika ku msika wa Kapata koma sanamve phokoso lake. Wadutsa pa mzikiti wa ku Down Shops koma anauona kupyolera m'kagalasi kokha. Ndipo chimene chimupweteka mtima pobwerera si chakuti tsiku latha, koma chakuti anzake pa Facebook sanachite nacho chidwi monga anayembekezera. Apa ndi pamene mphutsi zilowera, ndizo kudzitama kwa wojambulayo ndi kaduka ka woonerayo, amene sadziwa kuti mnzakeyo anakongola ndalama ya basi. Petro yemwe uja, ataona ulemerero paphiri, anafuna kumanga misasa itatu kuti nthawiyo isapite, ndipo Luka atiuza kuti sanadziwe chimene analikunena. Mtambo unadza, ndipo anatsika phirilo osamanga kanthu. Mtima wofuna kumangira msasa chokoma chilichonse ndi wachibadwa, ndipo suli woipa pachiyambi chake, koma ukakula umulanda munthu chinthu chomwecho chimene afuna kuchisunga.

Kodi tsono titaye makamera? Iyayi, pakuti nkhani ya mana ili ndi mbali ina imene alaliki ambiri aidumpha. Mose yemweyo amene anakwiyira osunga chakudya usiku analamula Aroni kuti atenge mphika, athiremo muyeso umodzi wa mana, ausunge pamaso pa Yehova, kuti mibadwo yakudza idzaone chimene makolo awo anadya m'chipululu. Ndipo mana a mumphikawo sanagwe mphutsi. Kusiyana kwake kuli poyera: ena anasunga chifukwa cha mantha ndi umbombo, kuti adye okha, koma Aroni anasunga muyeso umodzi wokha, osati wa mimba yake, koma wa maso a ana osabadwa. Chithunzi choyenera ndi chotere, ndicho mboni.

Ndipo ife a ku Lundazi tiyenera kudziwa mtengo wa mboni kuposa ambiri. Pa boma pathu paima nyumba ija ya nsanja yotchedwa Castle, imene bwanamkubwa Errol Button anamangitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti ikhale nyumba yogona alendo, moyang'anana ndi damu, m'maonekedwe a malinga akale a ku Ulaya. Alendo achokera kutali kudzaijambula, pamene ife eni dera tiidutsa tili pa liwiro la kukajambula masitolo a ku Chipata. Mlendo aliyense auzidwa dzina la Button, koma sauzidwa maina a amuna amene anaumba njerwa zake ndi kuzisenza pamutu. Ndipo mdzukulu wa mmodzi wa iwo akadapereka mbuzi kuti aone nkhope ya agogo ake ali pa ntchitoyo. Momwemonso m'mwezi wa Ogasiti 1964, pa nthawi ya chipolowe cha mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, anthu ambiri anaphedwa pa boma lomweli dziko litatsala miyezi yosakwana itatu kuti lilandire ufulu. Ndipo banja limene lili ndi kachithunzi kofumbwa ka munthu amene anatayika masiku amenewo silingakasinthanitse ndi zithunzi zikwi za m'foni.

Chifukwa chake, inu anyamata ndi anamwali, ngati mwasiya chimanga chokwanira m'nkhokwe ndipo mulibe mangawa ndi munthu, pitani kumzinda ndi mtima woyera, mutengeko mng'ono wanu amene sanaonepo nyumba zosanjikizana. Lawani chimene simunalawepo chikali chozizira, foni ili m'thumba. Mukajambula, jambulani anthu koposa zakudya, ndipo mwa zonse mwajambulazo musankhe chimodzi, mukachitsukitse pa pepala, mulembe kumbuyo kwake maina, malo ndi chaka, pakuti foni igwa m'madzi, ibedwa, ndipo ifa pamodzi ndi zonse zili m'mimba mwake. Ndipo inu agogo ndi amalume, mwana akakupemphani kuti akujambuleni, musamukalipire kuti ndi zachibwana. Valani chitenje chanu chabwino kapena jekete lanu la kutchalitchi, mukhale pampando pakhomo panu, ndipo mumuuze dzina lanu lonse ndi mfunda wanu kuti alembe.