Magazi a Munthu M'mwezi wa Ramadhani



Tonse tikudziwa kuti kudya ndi kumwa masana kumaononga swaumu. Ngakhale mwana wa ku madrasa akhoza kukuuzani. Koma lero tikumbutsane za tchimo loposa pamenepo, ndilo kukhetsa magazi a munthu wosalakwa.

Usiku wa pa 3 July 2016, m'masiku otsiriza a Ramadhani, anthu a ku Karrada mumzinda wa Baghdad, m'dziko la Iraq, anali atamasula swaumu yao. Anadzaza m'masitolo kugulira ana zobvala za Idi. Ndipo inafika lole yooneka ngati yonyamula zakudya, koma m'kati mwake munali mabomba. Itaphulika, moto unagwira masitolo, anthu napsera momwemo. Anafa anthu oposa 300. Gulu la Daesh, limene linali pa nkhondo ndi boma, linadzitama kuti ndilo linachita zimenezi.

Chimodzimodzinso ku Somalia. Pa 14 October 2017 lole ina inaphulika pa mphambano ya Zoobe mumzinda wa Mogadishu, ndi kupha anthu oposa 500. Boma linaloza chala gulu la Al-Shabaab. Ofawo anali Asilamu anzathu: ogulitsa malonda, oyendetsa galimoto, ana a sukulu.

Nchifukwa chiyani zigawenga pa nkhondo ya pachiweniweni zimakonda chida chimenechi? Choyamba, zilibe mphamvu zolimbana ndi asilikali maso ndi maso. Chachiwiri, galimoto ndi chinthu chozolowereka, palibe amene amaithawa ikaima pa msika. Chachitatu, zimafuna mantha: kuti anthu aleke kukhulupirirana, Msuni adane ndi Mshia, kubwezerana kusathe.

Taganizani bwino, abale. Bomba lilibe maso. Silifunsa kuti uyu ndi msilikali kapena mai wobereka mwana. Woliika amadziwa zimenezi asanalize galimoto, choncho sangadzanene pa tsiku la Qiyama kuti zinangochitika mwangozi. Waphatikiza machimo atatu: chinyengo, kupha osalakwa, ndipo kawirikawiri kudzipha yekha. Onsewa ndi haramu. Pemphani Shehe wanu akuwerengereni Surat Al-Maida ndime 32 ndi Surat An-Nisa ndime 29 ndi 93, mudzimvere nokha kulemera kwa moyo wa munthu pamaso pa Allah.

Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa kupha akazi ndi ana pa nkhondo. Khalifa woyamba, Abu Bakr, potumiza asilikali anawaletsa kupha okalamba ngakhale kudula mitengo ya zipatso. Ngati mtengo unatetezedwa chotero, nanga msika wodzaza anthu?

Ena amati, "Koma anyamata amenewa amaswali, amasala, amatchula dzina la Allah." Inde amatero. Bvuto limeneli si lachilendo. M'chaka cha 40 cha Hijra, m'mwezi womwe uno wa Ramadhani, Khalifa Ali anakanthidwa ndi lupanga pa mzikiti wa ku Kufa, ku Iraq komweko, nthawi ya swala ya m'bandakucha. Womukanthayo, Ibn Muljam, anali wa gulu la Khawariji, anthu oswali kwambiri amene ankatcha Asilamu anzao makafiri. Iye ankayesa kuti akukondweretsa Mulungu. Kuswali kopanda maphunziro ndi chifundo sikumuletsa munthu kukhala wakupha.

Musati izi nzakutali. Ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, zigawenga zogwirizana ndi Daesh zinayamba nkhondo mu 2017, ndipo maulaliki a magulu otere amayenda pa mafoni. Inu makolo, dziwani zimene ana anu akumvera akatha tarawehe. Mnyamata akayamba kutcha bambo ake ndi Shehe wa m'mudzi makafiri, musamukalipire chabe ai. Khalani naye pansi, mupite naye kwa odziwa Dini.

Swaumu ndi sukulu ya kudziletsa. Amene waletsa pakamwa pake madzi, amene ali halali, aletsenso dzanja lake magazi, amene ali haramu. M'masiku khumi otsiriza, pamene tikufunafuna Lailatul Qadr, tikumbukire amasiye a ku Baghdad ndi Mogadishu m'maduwa athu.

Allah alandire swaumu yathu, ateteze ana athu ku kusokera, ndipo azimitse moto wa nkhondo kulikonse kumene ukuyaka. Amin.