Kodi Manda a Asilikali ndi Malo Okachezako?

Kwathu kuno kwa Msakambewa munthu sangolowa kumanda mwachisawawa. Timapitako pa maliro, pomanga chiliza kapena pokalambula, ndipo amfumu amayamba adziwa. Chifukwa cha maleredwe amenewa, mtima wanga unavutika pamene ndinali pa ulendo wa ntchito pa chilumba cha Madagascar, mu mzinda wa Antsiranana umene kale unkatchedwa Diego Suarez. Anzathu akumeneko anatikonzera tsiku lopuma motere: m'mawa kukaona manda a asilikali, masana kukwera phiri. Ndinadzifunsa ngati n'koyenera kuika manda pa mndandanda wa malo okachezako, ngati msika kapena gombe la nyanja.

Ndisanayankhe, tikumbutsane za amene agona kumeneko. M'chaka cha 1942, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Angerezi analanda chilumbachi m'manja mwa Afalansa poopa kuti Ajapani angachigwiritse ntchito. Ena mwa omwe anamenya nkhondoyo anali asilikali a Keyala (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland, Kenya ndi Tanganyika. Anatsikira pa doko la Majunga mu Seputembala, nalowa mu likulu la Tananarive mwezi womwewo, ndipo nkhondo ya pa chilumbachi inatha mu Novembala. Anali anyamata a m'midzi ngati yathuyi, amene anawoloka nyanja kukalowa mkangano wa azungu okhaokha.

Nditalowa m'mandamo ndinaona miyala yoyera ili m'mizere, ya azungu ndi ya anthu akuda. Anzanga ena ankajambula zithunzi n'kumaseka. Poyamba ndinaipidwa nawo, koma kenaka ndinazindikira kuti ine ndemwe ndinali ndi mlandu wokulirapo. Ndakhala ndikudutsa pa nsanja ya chikumbutso ya ku Area 18 ku Lilongwe kambirimbiri, ndinaonaponso ya Keyala ku Zomba, koma sindinaimepo n'kupempherera ngakhale msilikali mmodzi. Wojambula uja anafika n'kuwerengako dzina. Ine mantha anga a manda ndinkawatcha ulemu, chonsecho anali kuiwala chabe.

Masana tinakwera phiri lotchedwa Montagne des Français, limene lili ndi Njira ya Mtanda yokwera mpaka pa mtanda waukulu. Kwathu phiri timakwera pofuna nkhuni kapena bowa, choncho kukwera popanda chokatenga kunandiseketsa. Koma thukuta litayamba kutsika ndinaganiza za anyamata aja akuyenda ndi katundu pa dzuwa lomweli, osadziwa ngati adzaonanso mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Pamenepo ndinapeza yankho langa. Kupita kumanda a kudziko la eni si kulakwa. Nkhani yagona pa mmene wapitirako: ngati woonerera kapena ngati mbale. Woonerera amabwerako ndi zithunzi. Mbale amabwerako ndi udindo.

Wina anganene kuti: "Nkhondoyo sinali yathu. Bwanji tilemekeze anthu amene anatumikira atsamunda, mwinanso anapha anzawo?" Funsoli ndi lolemera. John Chilembwe yemwe, mu 1914, analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene sadzapindula nayo. Koma kupempherera munthu si kuvomereza nkhondo imene anaferamo. Pa 2 Amakabeo mutu 12, Yudasi Makabeo anapeza kuti asilikali ake amene anaphedwa anali atavala zithumwa za mafano mkati mwa zovala. Sanawanyoze kapena kuwataya. Anawapempherera, nasonkhetsa ndalama n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti akawaperekere nsembe. Eklezia satiuza kuti tizipempherera oyera mtima okha. Amene ali ndi zolakwa ndiwo akusowa kwambiri mapemphero athu.

Ndipotu agona ku Antsiranana ali ndi mwayi, poti ali ndi mwala. Pa nkhondo yoyamba, ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, amuna ochuluka zedi anagwidwa m'midzi kukakhala amtengatenga, onyamula chakudya ndi zipolopolo. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda m'njira, opanda chiliza. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a asilikali, linavomera ndi kupepesa kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Middle East, sanalembedwe maina monga anachitira ndi azungu. Ngati ife adzukulu awo sitiwatchula, adzawatchula ndani?

M'mwezi wa Novembala timapempherera mizimu ya akufa. Sitonse tingafike ku Madagascar kapena ku Burma, kumenenso a Keyala anakamenya nkhondo. Koma agogo tili nawo pakhomo. Tiwafunse: pa mtundu wathu, ndani anapita ku Keyala kapena ku mtengatenga osabwerako? Dzinalo tililembe, tipite nalo ku mphakati, ndipo tipemphe Bambo Mfumu kuti litchulidwe pa nsembe ya Misa. Tichite izi agogowo akadali ndi moyo, chifukwa akadzapita, mainawo adzapita nawo.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, iwo pamodzi ndi onse amene anamenyana nawo.